Kabokosi Kopanda Phokoso Kamene Kanandibwezera Atate Anu

Tiyamike ndi Dalitso, ana anga, za kumudzi ku Katete sindilemba, munazimva kale mpaka kutopa nazo. Ndiyambira pamene ndinapeza ntchito, chifukwa chithunzi cha atate anu chili pamwamba pa kabaticho chili ndi mbiri yake, ndipo mbiri imeneyo ndiyo ya ntchito yanga yonse. Sukulu ndinalekezera Giledi 6. Mukapeza polakwika muwongole mumtima, musaseke.

Chaka chimene Tiyamike anayamba kuyenda

Atate anu, a Lakisoni, anali omanga nyumba. Tinkakhala ku Kabwata, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya munthu. Iwe Tiyamike uli ndi miyezi itatu, Loweruka lina anandiuza kuti ndisambe, ndikuveke kachipewa kako koyera, tipite pa msika tikajambulitse. Situdiyo inali ya ba Chisanga, bambo wa ku Kopala, dera la migodi, wamtali, wolankhula ngati akukalipa ngakhale pamene akukupatsa moni. Tinajambulitsa chithunzi chimodzi chokha, atatu tonse. Chaka chisanathe atate anu anadwala n'kumwalira, ine ndili ndi pakati pa Dalitso. Maliro atatha abale awo anabwera ndi vani, ananyamula bedi, mbaula, mapoto, njinga, ngakhale kachikwama ka mapepala, ndipo chithunzi chija chinali m'menemo. Ndinali ndi zaka makumi awiri. Ndinangoima pakhomo ndi mwana kumsana, ndikuopa kuti ndikalankhula atenganso mwanayo.

Patapita masabata ndinalimba mtima n'kupita kwa ba Chisanga kukapempha kuti anditsukire china. Anandifunsa kuti, "Muli na lisiti? Namba ya negativi ili pa lisiti." Ndinati anatenga zonse. Iwo anangotsegula chitseko cha kachipinda kosungira katundu, ndipo ndinaona makatoni mpaka kudenga, onse odzaza timapepala takuda tija timene amatsukira zithunzi. "Onani mweka, mai. Ngakhale ine amene n'nakukopani sinikumbuka. Popanda namba kulibe chimene ningachite." Pomwepo panalowa kasitomala, iwo n'kundisiya. Kutuluka ndinalephera, kuima chabe ndinalepheranso, ndiye ndinatola tsache linali pakona n'kuyamba kusesa makoko a nshawa amene anthu anataya pansi. Ndinasesa mozungulira miyendo ya magetsi ojambulira osaigunda ngakhale pang'ono. Kasitomala atapita, ba Chisanga anayang'ana pansi, anayang'ana ine, n'kunena kuti, "Mubwele mailo na seveni. Koma lamulo ni imodzi: chilichonse chili na chingwe, osagwila. Ketulo chabe."

Umu ndi mmene ndinayambira. Iwe Tiyamike unali ndi chifuwa chobanika, ndinkakugoneka m'katoni kuseri kwa kauntala, ndipo ndinkasesa makutu ali kwa iwe, kumvetsera ngati mpweya ukulowa, ngati ukutuluka, ngati kaphokoso kaja kayambanso. Ndinaphunzira kumva kusintha kwa mpweya wako usanayambe n'komwe kutsokomola. Makutu amenewo sanandichokenso. Zaka zimenezo filimu inkasowa, mankhwala otsukira ankasowa, masiku ena tinkangokhala osajambula munthu, ba Chisanga akutukwana m'Chibemba. Koma panali anthu amene sankasowa: ofedwa. Munthu akamwalira, abale ankabwera ndi lisiti lakale lopindikapindika kudzafuna nkhope yoika pa pepala la maliro. Amene anali ndi nambala ankatuluka atagwira chithunzi pachifuwa. Amene analibe ankatuluka ngati mmene ndikanatulukira ine. Ndinkawayang'ana onse, ndipo tsiku lililonse ndinkapukuta chitseko cha kachipinda kaja ndikudziwa kuti atate anu ali mkatimo, koma kiyi ili m'thumba la bwana.

Chaka chimene Dalitso analemba mayeso a Giledi 7

Situdiyo inasamukira m'tauni, m'chipinda cha pamwamba pafupi ndi Cairo Road. Ndinayamba kukwera minibasi m'mawa uliwonse. Ntchito inakula, ba Chisanga ankaitanidwa ku maukwati a ku Woodlands ndi ku Kabulonga, filimu anaisiya, n'kugula kompyuta. Chinali chibokosi chakuda chachikulu, cholemera, chimene chinakhala pansi pa tebulo ngati galu wa bwana. Posamuka makatoni aja anasakanikirana, manambala ambiri anatayika. Ba Chisanga anatha zaka ziwiri akulowetsa manegativi onse m'kompyutamo, katoni ndi katoni, popanda dzina la munthu kapena chaka, kungolemba kuti Bokosi 1, Bokosi 2, mpaka Bokosi 41. Anachita bwino kufulumira, chifukwa dzinja lotsatira denga linadontha ndendende pa makatoniwo, manegativi anamatana ngati masamba ovunda, ndipo ndine ndemwe ndinawanyamula kukataya. Ndinalira pa masitepe. Ba Chisanga anati, "Mulila chani? Bonse bali umu," akumenya chibokosi chija ndi dzanja. Ndinayang'ana chibokosicho, ndipo sindinamvetse kuti anthu odzaza chipinda angakwane bwanji pansi pa tebulo.

Kompyutayo itakalamba pang'ono inayamba kuchedwa kudzuka, ndipo bwana anatopa kuidikira. Choncho lamulo lija linawonjezeredwa pang'ono: ndikafika seveni koloko ndizidina batani limodzi, basi, kuti iwo pofika aipeze yadzuka. Ndinkadina, iyo n'kuyamba kukukuta mkati ngati mbewa ili m'thumba la chimanga. Ndinkasesa chipinda, iyo ikukukuta. Ndinkakolopa masitepe, kutsuka makapu, kuika ketulo, ndipo madzi akamawira m'pamene kukukuta kunkachepa. Sindinkafunanso wotchi.

Chaka chimene Tiyamike anakwatiwa

Apa ndikuululirani chimene ndinabisa zaka zisanu ndi chimodzi. Iwe Dalitso uli wamng'ono unkandifunsa kuti atate ankaoneka bwanji, ine n'kumati yang'ana pagalasi. Koma zoona zake n'zakuti inenso ndinayamba kuiwala. Mawu awo ndinkawakumbuka, kayendedwe kawo, fungo la simenti m'malaya awo, koma nkhope ndikaifuna inkabwera ngati ya munthu ali kuseri kwa utsi. Pa ukwati wa Tiyamike, mkamwini atafunsa mwaulemu ngati pali chithunzi cha apongozi ake, ndinasowa poyang'ana.

Kwa zaka ndinkaona dzanja la ba Chisanga pa mausi, kachida kodinira kompyuta, osati moonekera, koma m'galasi la chithunzi chinali pakhoma kumbuyo kwawo, ndikunamizira kupukuta. Ndinadziwa pamene amadina, kangati, ndi pamene amatsekera. Lolemba la pambuyo pa ukwatiwo, ketulo itawira, ndinatseka chitseko, ndinapukuta manja pa chitenje katatu, n'kutsegula Bokosi 1. Chithunzi chilichonse chinkatenga nthawi, kagudumu kakuzungulira pa sikirini, makina akukukuta, ine khutu limodzi lili ku masitepe. Ba Chisanga anali ndi chizolowezi chotsokomola pa sitepe yachitatu, ndiye ndikamva chifuwa chawo ndinkatseka zonse n'kutola kansalu kopukutira. Tsiku lina ndinkaona zithunzi makumi awiri, tsiku lina zisanu, magetsi akapita osaona n'chimodzi chomwe. Kuseri kwa chitseko cha kachipinda kosungira matsache ndinkalemba ndi pensulo pamene ndalekezera. Ndinaona ana a anthu, akwati, asilikali, amayi a chigwirizano m'mayunifomu awo, Kabwata yense wa kale akudutsa mmodzimmodzi. Patatha zaka zisanu ndi chimodzi ndinali nditamaliza Bokosi 23, ndipo atate anu anali asanatuluke.

Mudzafunsa kuti bwanji sindinangopempha. Ana anga, munthu amene anaonapo vani ikunyamula bedi lake sapempha msanga. Ntchito imeneyo ndiyo inakulerani, ndipo lamulo linali limodzi.

Chaka chimene Dalitso anamaliza kosi ya zamapaipi

Linali Lachitatu, nyengo ya mphepo. Ndinadina batani, ndinatola tsache, ndipo ndisanafike pakhomo ndinaima. Pansi pa kukukuta kwa masiku onse panali kaphokoso kena, kakang'ono, go, go, go, kenako chete, kenako go, go, go. Ndinagwada n'kuika khutu pa chibokosicho. Thupi langa linazizira mofanana ndi mmene linkachitira chifuwa cha Tiyamike chikasintha. Bwana atafika ndinati, "Ba bosi, makina yadwala. Ilila mosiyana." Anamvetsera pang'ono atanyamula kapu, koma nthawi imeneyo minibasi zinali zitayamba kale kulira pansi. Anaseka n'kunena kuti, "Amake Tiya, mwankhala dokota wa makompyuta lelo? Iyi ni nkhalamba monga ine, ibuula chabe. Ikani shuga mu tiyi."

Lachinayi kaphokoso kanakula, ndipo Bokosi 24 linakana kutseguka. Masana bwana anapita ku Kabulonga kukajambula phwando la mkwatibwi, magetsi nawonso anapita, ine n'kutsika kupita kwa ba Mwansa. Ba Mwansa anali mayi wa ku Luapula amene ankakonza makompyuta m'kashopu kakang'ono mu kanjira ka pakati pa masitolo, ndipo tinkadziwana chifukwa tinkatunga madzi pa mpopi umodzi.

"Shani, ba mayo? Mwabwela na nkhope ya malilo," anatero, atayamba ndi moni wa Chibemba.

Ndinati sindidziwa dzina la matendawo koma ndingathe kuwaimbira. Ndinagogoda ndi lilime, go, go, go. Anaseka mpaka kugwira tebulo. Kenako anati, "Chitani futi." Nditabwereza kuseka kunatha. Anandifotokozera kuti mkati mwa kompyuta muli disiki, ndiyo nkhokwe ya zonse, ndipo m'disikimo muli mbale zozungulira ndi kadzanja koyenda pamwamba pake kakuwerenga. Kadzanjako kakayamba kugogoda, ndiye kuti imfa ili pafupi.

"Ingafe mwezi wa mailo, ingafe mailo kuseni. Osayasha futi, ba mayo. Nthawi iliyonse muyasha, mudya masiku yake. Kuli kwina kwamene ba bosi banasungila?"

Ndinati kulibe, manegativi anavunda.

"Lesa wandi! Bauzeni baniitane. Ine siningangene mu shopu ya munthu popanda kuitanidwa."

Ndinabwerera ndikuthamanga. Ndinkadziwa kuti bwana abwera m'mamawa Lachisanu kudzakonza zithunzi za ku Kabulonga, mwina asanafike ine, ndipo adzadina batani lija. Ndinkadziwanso kuti pa foni adzangondiseka. Ndinaima pakati pa chipinda nthawi yaitali, kiyi ili m'manja. Kenako ndinagwada, ndinazula chingwe cha kompyuta. Ndinazulanso cha sikirini chifukwa n'chofanana. Nditafika pakhomo ndinakumbuka chimene wophika tiyi yekha ndiye angadziwe, kuti chingwe cha ketulo yathu chinali ndi kamwa lomwelo, ndiye ndinabwerera kukatenganso chimenecho. Ndinakulunga zonse m'chitenje. Mu minibasi ya ku Kabwata ndinakhala nditakumbatira chola, ndikuona ngati aliyense akudziwa kuti ndanyamula katundu wa bwana.

Lachisanu ndinapeza bwana atafika kale, atagwada pansi pa tebulo.

"Amake Tiya, batibela!"

"Iyai, ba bosi. Vili mu chola changa."

Anadzuka pang'onopang'ono. "Na cha ketulo?"

"Chimangena pa kompyuta. N'naona kudala."

"Mai, mwafunta? Zaka zonse izi simunatengepo na supuni, lelo munitengela vingwe? Bantu ba ku Kabulonga bafuna vithunzi vao mailo!" Ndinawauza zimene ananena ba Mwansa, mawu akutuluka mopiringizana. Iwo anati, "Uja afuna chabe kunigulisa vintu. Sungani vingwe vanu, nizagula china pansi apa manje manje. Nikabwela tizakamba za nchito yanu." Anatola makiyi n'kulunjika kukhomo.

Sindidziwa kumene mawu anachokera. Ndinaima kutsogolo kwa tebulo, msana ku kompyuta, n'kunena kuti, "Ba bosi, ba Lakisoni bali umu. Nakhala nibasakila kuseni kulikonse zaka sikisi. N'naphwanya lamulo yanu, n'nagwila mausi, nichoseni nchito ngati mufuna, koma osayasha. Mwana wanga sanaonepo batate bake." Ndipo ndinatsegula chitseko cha matsache kuwaonetsa mizere ya pensulo, kuyambira pamwamba mpaka pafupi ndi pansi.

Anayang'ana mizereyo nthawi yaitali. Anaigwira ndi chala. Ine ndinkangomva makondakitala akuitanira anthu pansi. Kenako anafunsa motsitsa, mawu amene ndinali ndisanawamvepo kwa iwo, "Mwafika bokosi yanji?" Ndinati ndamaliza 23. Anapukusa mutu. "Ine n'naganiza munaibalako kudala. Mai, pakamwa muli napo pa chani?" Anatulutsa foni n'kundipatsa. "Muitaneni dokota munzanu."

Ba Mwansa anafika teni koloko ndi kachikwama. Tsikulo magetsi anayenera kukhalapo mpaka madzulo, ndipo anati tisataye nthawi. Anakokera chibokosi pa tebulo, anagwira chitsulo chake ndi manja onse kuti, monga ananenera, magetsi a m'thupi la munthu asaotche zamkati, anamasula timisomali topota tiwiri kumbuyo n'kundipatsa kuti ndisunge, ndipo mbali yonse inatseguka ngati chitseko. Choyamba ndinachita manyazi. Fumbi linali mkatimo ngati thonje, ine wopukuta kunja kwake zaka khumi osadziwa. Koma ataliuzira ndi kapampu, ndinaiwala manyazi. Munali thabwa lobiriwira lokhala ndi timisewu tasiliva tosawerengeka, tinyumba takuda, tinsanja, ngati tauni ukaiona uli pamwamba pa nyumba yaitali, zonse zoyalidwa bwino, palibe chokhota mwangozi. Ndinaganiza kuti pali anthu kwinakwake amene anakhala pansi n'kulingalira kanjira kalikonse, ndipo ndinachita mantha amtundu wina, ngati amene umamva ukalowa m'tchalitchi mulibe munthu.

Ba Mwansa anandionetsa disiki yodwalayo, chitsulo chonenepa ngati theka la njerwa. Kenako anang'amba kapaketi n'kundiika m'dzanja kanthu kakuda, kaphanthiphanthi, kosaposa chikhatho changa, kopepuka ngati bokosi la machesi lopanda kanthu. Pamwamba panalembedwa zilembo zitatu, SSD. Ndinakagwedeza pafupi ndi khutu. Chete.

"Mulibe kanthu umu," ndinatero.

"Mulibe chozungulila, ba mayo, ndiye ubwino wake. Kulibe mbale, kulibe kakwanja. Ni monga kakadi ka mu foni, koma kakulu mutima. Mabokosi yanu yonse yazangena, na malo yazasala."

Ba Chisanga anati, "Ngati unama, iwe mwana wa ku Luapula, uzanibwezela makatoni yanga." Ba Mwansa anayankha, akuwatcha agogo m'Chibemba, kuti, "Makatoni yamene munadyesa mvula, ba shikulu?" Aka kanali koyamba kuona munthu akuwayankha chotero, ndipo bwana anangoseka.

Ba Mwansa anamangirira kanthu kakuda kaja pa kathireyi kachitsulo ndi timisomali tinayi, n'kukalowetsa m'malo opanda kanthu pansi pa disiki yakale. Panali zingwe ziwiri zoti zilowe: chopyapyala chochokera pa thabwa lobiriwira, chonyamula zithunzi, ndi chotakata chobweretsa magetsi. Analowetsa chotakatacho, kenako anandiyang'ana. "Ndimwe munamvela kudwala. Ngenesani ichi." Ndinayang'ana bwana. Iwo anakweza mapewa n'kunena kuti, "Lamulo inafa kudala, ine chabe ndine sin'nauzidwe za malilo." Kamwa la chingwecho linali lopindika mbali imodzi, loti silingalowe chozondoka. Ba Mwansa anati ndisakakamize, ndingolunjika. Ndinalephera kawiri, kachitatu ndinamva kuti tswii, chalowa.

Disiki yakale anayamba aizula kaye kuti ipume, n'kuika m'katsopanoko zonse zimene kompyuta imafuna kuti idzuke. Atatha anazimitsa, analumikizanso yakale ija, n'kuuza makina kuti kuyambira tsopano azidzukira pa katsopano. Ndiye anatembenuka n'kunena kuti, "Manje tiyamba kusamusa. Ingafele pa njila. Tiyambile pati?" Zithunzi za zaka zatsopano eni ake anali nazo kale, za ku Kabulonga zinali zikadali m'kamera. Nkhani inali ya mabokosi. Sanali malo anga kuyankha. Ba Chisanga sanandiyang'ane n'komwe. Anati, "Yambila pa 24."

Tsiku limenelo sindinasese, sindinadye. Ndinakhala pansi khutu lili pafupi ndi chibokosi chotsegula, maso pa kamzere kobiriwira kamene kankakula pa sikirini pang'onopang'ono ngati mthunzi. Go, go, go. Kugogoda kukachuluka ndinkakweza dzanja, ba Mwansa n'kudumpha chithunzi chimene chakakamira kuti kadzanja kasavutike pamalo amodzi. Ndinkapemphera chamumtima pemphero lomwe lija la pa katoni ya Tiyamike: pumanso kamodzi, kamodzi kokha. Cha m'ma thu koloko tinamaliza Bokosi 41. Tinabwerera ku Bokosi 1. Dzuwa litapendeka, tili pakati pa Bokosi 20, kugogoda kunafulumira, kunamveka kulira kopyapyala, kenako kunangoti zii. Ba Mwansa anayesa kawiri, n'kuzula chingwe. "Yapita," anatero.

Mabokosi anayi, kuyambira 20 mpaka 23, anapita nayo. Sindibisa, zimenezi zimandiwawa mpaka lero. Bwana akanati tiyambire pa 1, anthu amenewo akanapulumuka, ndipo ena akanatayika m'malo mwawo. Ndine ndekha amene ndinawaona komaliza. Muli mayi wina wa mapasa ovala zofanana, muli mkulu wina wogwira wailesi paphewa. Nthawi zina amandibwerera ndikamachapa.

Loweruka bwana anati shopu titsegula mochedwa, ndibwere ndichite zanga. Ndinafika seveni koloko, ndinadina batani, ndinatembenuka kupita ku ketulo monga mwa masiku onse, ndipo nditayenda mapazi atatu ndinaima. Kunalibe kukukuta. Dzulo lake ndinali nditamva ndi makutu anga kuti mulibe chozungulira, koma thupi lozolowera zaka khumi silimva tsiku limodzi. Kwa ine chinthu chikakhala chete ndiye kuti chafa. Ndinathamanga, ndinagwada, ndinaika khutu, ndinangomva kamphepo kozizira ka fani. Ndikukweza mutu kuti ndilire, ndinaona sikirini ili yowala, zonse zili m'malo, ikundidikira. Ketulo ndinali ndisanaithire n'komwe madzi.

Ndinatsegula Bokosi 24. Ana anga, sindidziwa ngati mungamvetse inu amene munakulira mafoni. Kagudumu kaja sikanaoneke. Nkhope zinangotuluka zonse pamodzi, mizere ndi mizere, zodzaza sikirini, ndikatsitsa zina n'kubwera, ndikatsitsanso zina, mofulumira kuposa maso anga, popanda phokoso lililonse, ngati khamu likutuluka m'tchalitchi koma osamva phazi. Ntchito imene inkanditengera miyezi itatu ndinaimaliza tiyi asanazizire. Ndinkangoti Mulungu wanga, Mulungu wanga, osadziwa ngati ndikuthokoza kapena ndikuopa.

Mu Bokosi 31 ndinadutsa kachipewa koyera, n'kubwerera. Chimene ndinazindikira choyamba ndi kachipewako. Kamtsikana konyamula mwanayo sindinakadziwe msanga, kowonda, maso ali tong'o ngati kamva chinachake kumbuyo. Ndipo pambali pake panali atate anu. Zaka zonsezo ndinkawakumbuka ngati munthu wa nkhope yolimba, koma apa anali akuseka, mpata wa mano uli poyera, kolala ya malaya itapindika mbali imodzi, dzanja lili paphewa langa. Dzanjalo ndinali nditaliiwaliratu.

Ba Chisanga anandipeza nditakhala pa mpando wawo. Anayang'ana, n'kunena kuti, "Laiti n'naika bwino apa," anapukuta m'maso, n'kupita kukaika pepala lalikulu m'makina osindikizira. Ndinakuimbira iwe Dalitso, unali pa ntchito ku Avondale, unabwera ndi ovolosi yonyowa. Unaima kutsogolo kwa sikirini osakhala pansi. Ndinkadikira kuti unene kuti mukufanana. Koma iwe unafunsa kuti anali ndi zaka zingati pamenepo. Ndinati makumi awiri ndi zitatu. Kenako unati, "Amama, nabapitilila. Ndine mukulu kuchila batate." Ndipo unawongola kolala yako, ngati kuti ndi yawo ukuwongola.

Tsopano, ku Chelstone

Ndinagwiranso zaka zisanu ndi chimodzi msana usanandikanize masitepe. Zaka zimenezo ntchito yanga inasintha. Wofedwa akabwera wopanda lisiti sankabwezedwanso. Bwana ankangoti, "Onanani na amake Tiya." Ndinkamukhazika pambali panga, kumufunsa kuti malemuyo ankaoneka bwanji, ankakonda kuvala chiyani, n'kuyamba kutsitsa nkhope. Ambiri tinkawapeza. Ena anali a m'mabokosi anayi aja, ndipo amenewo ndinkawauza zoona, n'kuwaphikira tiyi. Ba Mwansa anatikakamiza kusunga zonse pawiri, kwina kunyumba kwa bwana, chifukwa anati katsopanoko nakonso kadzafa tsiku lina, ndipo kadzafa osabuula, ngakhale makutu anga sadzamva.

Tsiku lotsanzikana ba Chisanga anandipatsa kaphukusi kolemera. Munali disiki yakale ija. Anati, "Odwala wanu uyu. Ndimwe mweka munamumvela." Ili m'sutikesi yanga pansi pa zitenje, ndipo mukadzaipeza musaiyese chitsulo chotaya. Inasunga atate anu zaka zonse zija, ikukukuta pansi pa tebulo, ndipo inapirira mpaka titawatulutsa.

Chithunzicho ndinasindikiza zitatu. Chimodzi n'cha pa kabati, ziwiri ndinakupatsani. Kumbuyo kwa chilichonse ndinalemba ndi dzanja langa dzina lawo lonse, mudzi wawo, ndi mawu akuti Bokosi 31. Aliyense wobwera ndi vani adzapeze kuti tili ndi nambala.